Kagalimoto ka batire kapena ka petulo? Yambani mwafunsa komwe kazikagona

Mwina munakaonapo pa TV akamaonetsa masewera a gofu, kapena m'bale wanu wogwira ntchito ku Johannesburg anakutumizirani chithunzi atakhala mmenemo: kagalimoto kakang'ono ka mawilo anayi, kopanda zitseko, kokhala ndi kadenga ngati ka khonde. Poyamba kankanyamula osewera gofu ndi zikwama za ndodo zawo, koma lero kali ndi ntchito zambiri. Kamanyamula okalamba m'mabwalo a ndege, alendo m'mahotela, alonda m'mafakitale, ndiponso odwala m'zipatala zikuluzikulu zomwe mawodi ake ndi otalikirana. Mumzinda wa Peachtree City, m'chigawo cha Georgia ku America, muli tinjira tapadera ta timagalimoto timeneti totalika makilomita oposa 160, ndipo ana ambiri a sekondale amapita nato kusukulu akuyendetsa okha.

Wofuna kugula kagalimoto kotere amayenera kusankha chinthu chimodzi asanaganize n'komwe za penti: ka petulo kapena ka batire la lithium? Wogulitsa adzakuuzani za mtengo, liwiro ndi mtunda womwe kangayende. Zonsezo n'zofunika, koma ife a chipatala timayambira kwina. Timafunsa kuti dzuwa likalowa kagalimotoka kazikagona kuti, ndipo ndani azigona pafupi nako.

Mungadabwe kuti nkhani ya gofu ikukukhudzani bwanji inu kholo la ku Mponela kapena volontiya wa zaumoyo ku Ngabu. Ikukukhudzani chifukwa funso lomweli linafika kale pakhomo panu: njinga yamoto ya petulo kapena ya magetsi, jenereta kapena batire la sola. Mainjini ake ndi a mtundu umodzi, mabatire ake ndi apachibale, ndipo odwala omwe amabwera kuchipatala chifukwa cha zinthuzi amabwera ndi mavuto ofanana. Komanso ngati muli m'komiti ya chipatala, sukulu kapena malo osamalira okalamba, tsiku lina akufuna kwabwino akhoza kukuuzani kuti musankhe kagalimoto konyamulira odwala, ndipo adzafuna yankho sabata yomweyo.

Kusiyana kuli pansi pa mpando

Makampani odziwika monga Club Car ndi E-Z-GO a ku Georgia komweko, komanso Yamaha ya ku Japan, amapanga mitundu yonse iwiri, ndipo kunja kokha simungaisiyanitse msanga. Mukatukula mpando m'pomwe mumaona.

Ka petulo kali ndi injini ya silinda imodzi, yonga ya jenereta yokulirapo, ndi thanki ya malita pafupifupi 20. Thanki ikadzaza kamayenda makilomita oposa 150, ndipo mafuta akatha mumathira ena n'kupitiriza ulendo nthawi yomweyo. Kamafuna oyilo, pulagi, fyuluta ndi lamba wa injini, zinthu zomwe makaniko wa njinga za kabaza amazidziwa bwino.

Ka batire kamayenda ndi mota ya magetsi, kawirikawiri ya mavoti 48. Batire la lithium lofala pa timagalimotiti limasunga magetsi okwana mayunitsi 5 a ESCOM, ndipo kulidzaza kumadya mayunitsi pafupifupi 6 chifukwa ena amatayika ngati kutentha. Magetsi amenewo amakayendetsa makilomita pafupifupi 50 pamalo opanda zitunda zambiri. Ka petulo kamafuna malita 4 kapena 5 pa mtunda womwewo. Tengani mitengo ya lero, muwerengere nokha. Mupeza kuti pa ulendo uliwonse batire ndi lotchipa kutali, ngakhale pogula ndi lokwera mtengo.

Koma magetsiwo alipo? Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi muno ndi zomwe zinkaunikira magetsi. Ndipo omwe ali nawo akukumbukira mmene kunkathimira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Petulo nayenso tinamugonera pamizere kangapo konse kuyambira chaka chomwecho. Choncho palibe mbali yomwe ingadzitame kuti siisowa chakudya chake.

Utsi womwe suoneka

Petulo akamayaka m'injini amatulutsa mipweya ingapo, ndipo wakupha msanga ndi carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Fungo lomwe mumamva ku paipi ya utsi ndi la zinthu zina. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mu June ndi July. Galimoto zamakono zili ndi chipangizo m'paipi ya utsi chomwe chimauchepetsa kwambiri, koma mainjini ang'onoang'ono ambiri, monga a jenereta, a pampu yothirira ndi a timagalimoto tambiri ta gofu, alibe chipangizochi. Kainjini kakang'ono kakhoza kudzaza chipinda ndi poizoni msanga kuposa mmene mungaganizire.

M'magazi mwathu muli haemoglobin, yomwe ntchito yake ndi kutenga okosijeni m'mapapo n'kukamutula ku ubongo, ku mtima ndi kwina konse. Tiyerekeze kuti ndi minibasi. Carbon monoxide amakakamira pa mipando ya minibasiyi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndipo akakhala satsika msanga. Minibasi imayendabe, magazi akuzungulira monga mwa nthawi zonse, koma okosijeni watsala pa siteji. Zoyamba kumva njala ndi ubongo ndi mtima.

Apa m'pomwe inu a zaumoyo muyenera kutchera khutu, chifukwa zizindikiro zake zimanamiza. Mutu umawawa, pamabwera chizungulire, nseru, kusanza, kufooka ndi kusokonezeka maganizo. Kwathu kuno aliyense womva zimenezi amati ndi malungo, amamwa panado n'kubwerera kukagona m'chipinda chomwecho. Funsani mafunso awa: kodi adwala anthu angapo a nyumba imodzi nthawi imodzi? Kodi thupi silikutentha? Kodi akatuluka panja akupezako bwino? Kodi m'nyumbamo kapena pafupi ndi zenera munali injini yolira kapena mbaula? Mukayeza malungo n'kupeza kuti mulibe, ndipo mayankho a mafunsowa ndi inde, ganizirani za utsi.

Kachipangizo kopana pa chala koyezera okosijeni sikangakuthandizeni apa. Kamalephera kusiyanitsa magazi onyamula okosijeni ndi onyamula carbon monoxide, kotero kakhoza kuonetsa 98 munthu akupita. Musamubweze wodwala kunyumba chifukwa cha nambala imeneyo. Mutulutseni kumphepo, ngati wakomoka mugonekeni cham'mbali, ndipo mufulumire naye ku chipatala chomwe chili ndi okosijeni. Munthu akamapuma mpweya wamba zimatenga maola 4 kapena 5 kuti theka la poizoniyu lichoke m'magazi, koma akapatsidwa okosijeni wokwanira zimatenga ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo. Mayi woyembekezera apite ngakhale akumva bwino, chifukwa magazi a mwana wosabadwa amagwira mpweyawu nthawi yaitali kuposa a mayi ake. Ana aang'ono nawo amapuma mofulumira, motero amakoka wambiri pa nthawi yochepa.

Bungwe la CDC limati ku America anthu oposa 400 amafa chaka chilichonse ndi mpweyawu pangozi zosakhudza moto, ndipo oposa 100,000 amathamangira nawo kuchipatala. Kumeneko ndi kumalo komwe nyumba zambiri zili ndi alamu yochenjeza.

Pa timagalimoto ta gofu pali chinthu chimodzi chothandiza: injini imalira mukaponda pedulo ndipo imazima yokha mukaima. Koma makaniko akamakayesa m'galaja, kapena woyendetsa akamakalowetsa ndi kukatulutsa m'khonde lotchinga la chipatala tsiku lonse, utsi umaunjikana. Kutsegula chitseko chimodzi sikokwanira. Kwa ine nkhani iyi ilibe kukambirana: kagalimoto ka petulo kasalowe m'khonde la mawodi, ndipo kasamaime pansi pa zenera la ana obadwa kumene kapena la odwala mphumu.

Chigubu kuseri kwa chitseko

Mukasankha petulo mwasankhanso chigubu, ndipo chigubucho chimafuna pokhala. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya. Siikwera m'mwamba ngati utsi wa nkhuni, imayenda chapansipansi mpaka ikapeze mbaula, kandulo kapena koloboyi m'chipinda china. Anthu ambiri opsa ndi petulo sanayatse machesi pafupi ndi chigubu ayi, moto ndi womwe unalondola nthunzi.

Vuto lina ndi botolo la zakumwa. Petulo ndi parafini zikasungidwa m'botolo la Fanta kapena la madzi, mwana wa zaka ziwiri amangomwa. Zikatero musamusanzitse, musamupise chala kukhosi, musamukakamize mkaka kapena mafuta ophikira. Choopsa si m'mimba kwenikweni, koma madontho ochepa omwe amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, ndipo kusanza n'komwe kumawalowetsa. Muvuleni zovala zonunkha petulo, mumusambitse, mupite naye kuchipatala ngakhale akusewera, chifukwa kubanika kumatha kuyamba patapita maola angapo. Akuluakulu omwe amakoka petulo ndi pakamwa kudzera pa kapaipi amadziika pa ngozi yomweyi. Mupetulo mulinso benzene, mankhwala odziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi kwa anthu omwe amawapuma kawirikawiri, choncho si ntchito yotuma mwana.

Moto wa batire

Batire la lithium silitulutsa utsi likamagwira ntchito, silichucha asidi, silifuna chigubu. Pa thanzi la mapapo lapambana kale. Kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire a mtunduwu mu 1991, ndipo mu 2019 akatswiri atatu omwe anawayambitsa, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel. Lili m'foni yanu, m'laputopu ndi m'matochi ambiri. Vuto lake ndi limodzi, limachitika mwa apo ndi apo, koma likachitika silipereka mpata.

M'kati mwa batire lalikulu muli timabatire tambiri tolumikizana. Kamodzi kakawonongeka n'kuyamba kutentha, kamatenthetsa kanzake, kanzakeko n'kutenthetsa kena, ndipo kutenthako kumadzipitiriza kokha ngati moto wolusa m'thengo mu October. Pamatuluka utsi woyera wochuluka, kenako malawi othovoka ngati a wowotcherera zitsulo. Mu utsiwo muli mipweya yoyaka ndi ya poizoni, kuphatikizapo hydrogen fluoride yemwe amawotcha maso ndi mapapo. Moto wotere ukhoza kuoneka ngati wazima n'kuyambiranso patapita maola.

Mumzinda wa New York mu 2023 munabuka moto ka 268 chifukwa cha mabatire a lithium, ndipo anthu 18 anafa. Ku London chaka chomwecho ozimitsa moto ankaitanidwa pafupifupi masiku awiri aliwonse chifukwa cha njinga za magetsi ndi ma scooter, ndipo anthu atatu anafa. Ambiri mwa mabatire amenewa sanali a timagalimoto ta gofu, anali a njinga, koma nkhani yake imabwerezabwereza: batire lotchipa kapena lokonzedwa pakhonde, tchaja chosakhala chake, kutchaja usiku anthu ali mtulo, ndipo njingayo itaimikidwa pakhomo lotulukira. N'chifukwa chake mu 2023 New York inaletsa kugulitsa njinga ndi mabatire omwe sanayesedwe ndi kuvomerezedwa.

Taganizirani nyumba zathu. Mazenera onse ali ndi zitsulo zotchingira akuba, khomo ndi limodzi kapena awiri, ndipo chinthu chodula timachilowetsa pabalaza usiku kuopa omwewo akuba. Batire likayaka pabalaza, banja lonse lili kuseri kwa moto. Utsi umafika kuchipinda cha ana malawi asanafike.

Mabatire a lithium sali a mtundu umodzi, ndipo apa m'pomwe kusankha kwanu kuli ndi phindu. Omwe amalembedwa kuti LiFePO4 kapena LFP, omwe anatulukira m'zaka za m'ma 1990 ku University of Texas komwe Goodenough ankagwira ntchito, sagwira moto msanga poyerekeza ndi a NMC omwe ali ndi nickel ndi cobalt. Amalemererapo pang'ono, koma amapirira kutentha ndipo amatchajidwa maulendo zikwi zingapo asanafooke. Mabatire ambiri omwe amagulitsidwa oikira m'timagalimoto ta gofu ndi a LFP, koma si onse, choncho werengani zomwe zalembedwa pa batirelo, musangomvera pakamwa pa wogulitsa. Ndipo kusagwira moto msanga sikutanthauza kusagwira moto konse.

Batire labwino lililonse lili ndi kachipangizo kotchedwa BMS, mlonda yemwe amadula magetsi batire likadzaza, likatentha kapena likatsika kwambiri. Batire likamazimazima lokha, mlondayo akunena kuti pali vuto. Amakaniko ena amathetsa "vutolo" polumphitsa waya kuti BMS isagwirenso ntchito. Kagalimoto kamayendadi, mwini wake n'kuthokoza, koma mlonda wachotsedwa ntchito. Musalole zimenezi pa kagalimoto, pa njinga kapena pa batire la sola.

Tchajani masana, wina ali maso, pamalo a simenti opita mphepo, kutali ndi pogona ndi potulukira. Gwiritsani tchaja chomwe chinabwera ndi batirelo. Cha mabatire a asidi sichiyenera lithium ngakhale pulagi yake italowa. Tchaja cha kagalimoto chimakoka magetsi ofanana ndi a hotipuleti ya mbale imodzi kwa maola angapo osapuma, ndipo ekisitenshoni yopyapyala ya pamsika imatentha n'kusungunuka. Magetsi akazima zulani pulagi, chifukwa akhoza kubwera pakati pa usiku inu muli mtulo. Kutentha nako kumakalambitsa batire. Ku Nsanje ndi Chikwawa kumapyola madigiri 40 mu October ndi November, ndipo m'kashedi ka malata kotseka mumatentha kuposa pamenepo. Likangochokera ku ulendo, lisiyeni lizizire kaye.

Madzi ndi mdani wina. Namondwe Ian atadutsa ku Florida mu 2022, galimoto za magetsi ndi timagalimoto ta gofu tomwe tinamira m'madzi a mchere tinayamba kuyaka patapita masiku. Madzi a mchere ndi oipitsitsa, koma ife omwe tinaona Freddy mu March 2023 tidziwe kuti batire lomwe lamira m'madzi osefukira ndi matope si loyanika padzuwa n'kulitchajanso. Liikeni panja, patali ndi nyumba, mpaka wodziwa alione.

Batire likatupa, likamatentha lisakugwira ntchito, likamalira ngati mpweya ukutuluka m'tayala kapena likamanunkha mankhwala, lasanzika. Likayamba kufuka musalinyamule ndipo musalimbane nalo ndi ndowa. Tulutsani anthu, tsekani chitseko kumbuyo kwanu, itanani ozimitsa moto, imani kumbali komwe mphepo ikuchokera. Wopsa muthireni madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta, kenako mufunditseni nsalu yoyera. Amene wapuma utsi, mawu n'kusasa kapena nkhope n'kuda ndi mwaye, apite kuchipatala msangamsanga chifukwa kukhosi kumatupa pambuyo pake. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mawodi a opsa ndi moto, koma ulendo wokafika kumeneko ndi wautali kwa ambiri a inu.

Wachitatu yemwe satchulidwa

Munthu akati "ka magetsi" musafulumire kuganiza kuti ndi ka lithium. Timagalimoto tambiri takale, tomwe ndi tomwe timagulitsidwa motchipa kapena kuperekedwa ngati mphatso, timayendera mabatire a mtovu ndi asidi, onga a galimoto koma okulirapo. Kawirikawiri amakhala 6, lililonse lolemera makilogalamu pafupifupi 30, pomwe batire limodzi la lithium logwira ntchito yomweyo silifika makilogalamu 50. Amafuna kuwonjezera madzi a m'batire pafupipafupi, amatenga usiku wonse kuti adzaze, ndipo akamatchajidwa amatulutsa mpweya wa hydrogen, womwe umaphulika ukafika magawo 4 pa 100 a mpweya wa m'chipinda. Asidi wake akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 20 musananyamuke kupita kuchipatala.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tsiku lomwe mabatirewa amafa, patatha zaka 4 mpaka 6. Pamenepo mwatsala ndi mulu wa mtovu. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ndi wabwino kwa mwana. Umawononga ubongo womwe ukukula, umachepetsa nzeru ndi magazi, ndipo zomwe wawononga sizibwerera. Mu 2020 UNICEF ndi Pure Earth anayerekeza kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi ali ndi mtovu wochuluka m'magazi, ndipo anatchula kuphwanya mabatire mwachisawawa ngati chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Ku Thiaroye-sur-Mer, m'mbali mwa mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anafa pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa anthu ankaphwanya mabatire ndi kusefa dothi la mtovu pakhomo pomwe ana amasewera. Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akuvutikabe ndi fumbi la mtovu ngakhale mgodi wake unatsekedwa mu 1994.

Batire lakufa libwezeni lathunthu kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akale. Lisaphwanyidwe pakhomo, asidi wake asathiridwe m'dimba kapena m'ngalande, mtovu wake usasungunulidwe pa mbaula yophikira, ndipo chigoba chake chisasanduke chomwera nkhuku. La lithium nalonso likafa si lotaya kudzala, m'chimbudzi kapena pamoto. Funsani wogulitsa, musanalipire, ngati adzalilandire likadzatha.

Chomwe chimavulaza ana ambiri si mafuta kapena batire

Ofufuza a pa Nationwide Children's Hospital ku Ohio anawerengera kuti kuyambira 1990 mpaka 2006 anthu pafupifupi 150,000 ku America analandira chithandizo cha mwadzidzidzi atavulala ndi timagalimoto ta gofu. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali mwana wosafika zaka 16, ndipo ngozi yofala kwambiri inali kugwa kagalimoto kakuyenda.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kalibe zitseko, kambiri kalibe malamba, ndipo kambiri kali ndi mabuleki ku mawilo akumbuyo okha. Liwiro lake la makilomita 20 mpaka 30 pa ola limaoneka ngati lamasewera, koma woyendetsa akakhota mwadzidzidzi wokwera amaponyedwa kunja kwa kona. Woyendetsa ali ndi chiwongolero chogwira. Mwana alibe chogwira, ndipo mapazi ake safika pansi kuti adzitchinjirize. Amagwa chamutu. Ofufuza aja analangiza kuti mwana wosafika zaka 6 asakwere, ndipo wosafika zaka 16 asayendetse. Ku Florida, komwe kale mwana wa zaka 14 ankaloledwa kuyendetsa pamsewu, lamulo linasintha mu October 2023, ndipo tsopano wosafika zaka 18 ayenera kukhala ndi laisensi kapena chiphaso cha wophunzira.

Apa ka lithium kali ndi zovuta zake ziwiri. Kamanyamuka mwamphamvu mukangoponda, chifukwa ndi kopepuka ndipo mota ya magetsi sidikira. Komanso kamayenda mwakachetechete, moti mwana wokwawa kuseri kwake, gogo wosamva bwino kapena munthu wosaona sadziwa kuti kakubwera. Kachipangizo kolira pobwerera m'mbuyo kamasokosa, ndipo anthu ambiri amakadula. Kasiyeni. Kiyi asamatsale pomwepo, chifukwa mitundu yonse iwiri imangofuna phazi pa pedulo, ndipo mwana wa zaka 5 phazi ali nalo.

Mwana akagwa n'kumenyetsa mutu, muyang'anireni usana ndi usiku wonse. Akasanza kangapo, akamagona mosadzutsika, akakomoka, akamalankhula zosamveka, kapena madzi kapena magazi akamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Akamadandaula khosi, musamunyamule ngati thumba. Mutu ndi msana zikhale mowongoka.

Nanga musankhe kati?

Ngati kagalimoto kazizungulira pa chipatala, pa sukulu kapena pa malo osamalira okalamba, pomwe pali magetsi kapena sola wokwanira ndipo ulendo wa tsiku lonse sufika makilomita 40, ine ndingasankhe ka lithium ka LFP mosazengereza. Kamagwira ntchito pakati pa anthu odwala popanda utsi ndi phokoso, ndipo ngozi yake ya moto mungaichepetse kwambiri ndi tchaja choyenera ndi malo oyenera. Sola amagwirizananso ndi lamulo lotchaja masana. Koma funsani kuti batire likavuta adzalikonza ndani, ndipo ali kuti. Chitsimikizo cha zaka 5 cholembedwa ndi kampani yomwe ilibe woiimira m'dziko muno ndi pepala chabe.

Ngati kazigwira ntchito panja pokhapokha, pa esiteti kapena pa munda waukulu wa zitunda, kutali ndi magetsi, ka petulo kali ndi malo ake, ndipo makaniko wake mumupeza pa msika uliwonse. Ka mabatire a asidi kalandireni pokhapokha mukudziwa komwe mabatirewo adzapite akadzafa.

Mulimonsemo, musakasandutse ambulansi yopita kumudzi. Mawilo ake ndi aang'ono, mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ndipo m'matope a January kamatitimira pomwe njinga yamoto imadutsa. Mayi yemwe akutaya magazi atabereka si wokwezeka m'kagalimoto kopanda zitseko pa msewu wa mabampu.

Pa bajeti yanu ikanipo kashedi musanaikepo kagalimoto. Kakhale patali ndi pogona anthu, pansi pa simenti, mbali zake za waya kapena zitsulo kuti mphepo izidutsa koma wakuba asalowe. Ngati ndi ka petulo, chigubu chovomerezeka chikhale mmenemo, chotseka bwino. Ngati ndi ka batire, soketi yake aike wodziwa zamagetsi, ikhale yakeyake, ndipo udzu, makatoni ndi matumba a chimanga zisasungidwe pamenepo. Alamu yomva utsi ndi yomva carbon monoxide zimayendera timabatire ting'onoting'ono, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kagalimotoko. Dziwaninso kuti alamu ya carbon monoxide imatha kulira chifukwa cha hydrogen wochokera m'mabatire a asidi omwe akutchajidwa pamalo otseka. Ikalira, tulukani kaye ndipo musiye zitseko zotsegula, osayatsa kapena kuzimitsa switchi iliyonse mpaka mpweya utasintha.